Chingwe cha Kumaso kwa Nyumba

Lolemba, 8 Disembala

Tchuthi chayamba. Kunyumba kuno zinthu sizili monga Amayi ankanenera pa foni. Chidwalireni, Bambo dzanja ndi mwendo wa kumanja sizigwira. Kudzuka okha usiku sangathe. Kukacha, mashiti a pabedi pawo anyowa. Amayi amachapa anthu asanadzuke, n'kuyanika m'bafa, zenera lotseka, ngati katundu wakuba. Fungo la chinyontho nyumba yonse. Zala zawo zang'ambika ndi sopo. Achimwene, munthu wa ndevu zake, amadzuka madzi osamba atafunda kale. Chaka chonse ku yunivesite ndakhala ndikulemba za ntchito zosaoneka zimene ife akazi timagwira. Kani mutu wa nkhani yanga uli m'beseni la kwathu.

Lachiwiri, 9 Disembala

Ndaitanitsa msonkhano wa banja. Mfundo zanga: matenda si mlandu; dzuwa ndi mankhwala aulere opha tizilombo; manja a mwamuna sasungunuka m'madzi. Achimwene akuti, "A Pulofesa afika, tibise mabeseni." Amayi anangoti, "Uwafunse kaye eni ake mashitiwo." Ndinawafunsa. Bambo anayang'ana kudenga. Munthu amene anakalambira m'kalasi akuphunzitsa ana kuti choonadi sichiopa kuwala sangatsutse zimenezi. Kukhala chete kwawo ndakutenga ngati chilolezo.

Lachinayi, 11 Disembala

Chingwe chatsopano kumaso kwa nyumba, kumene dzuwa limafika tsiku lonse. Ndagula ndi ndalama ya mabuku, sindikudandaula. Achimwene achapa lero, mphuno atakwinya. Kutsukuluza kamodzi kokha, ndinawabweza. Kufinya ngati akupepesa shitiyo, ndinawabwezanso. Anadandaula mokweza pansi pa zenera la Bambo, koma kusintha kulikonse kumabwera ndi phokoso lake. Madzulo ndinaanula ndekha. Mashiti ouma gwa, onunkhira dzuwa. Pepala la pulasitiki loyala pa matiresi nalonso laona kunja koyamba. Amayi sanatuluke m'nyumba tsiku lonse. Apume, akhala akuvutika.

Loweruka, 13 Disembala

Mayi a nyumba yoyandikana nafe, amene ana amawatcha a Wailesi, anabwera kudzazonda matenda. Anaima pakhomo la chipinda n'kuti, "Pepani aphunzitsi, tikumaona pachingwepo kuti usiku sukuyenda bwino." Ndinawafotokozera mwaulemu, koma mosapsatira, kuti thupi la munthu wodwala si chinthu chochititsa manyazi. Anavomera ndi mtima wonse. Anati akauzanso anzawo. Umu ndi mmene maganizo atsopano amafalikira pakati pa anthu. Atapita, Bambo anapempha kuti tiwatembenuzire kukhoma. Kutopa, mwachidziwikire.

Lachiwiri, 16 Disembala

Mashiti ouma kuyambira Lamulungu! Pachingwe palibe kanthu. Achimwene akuyenda ngati mkaidi wokhululukidwa. Ndikukhulupirira kuti zofunda zaukhondo zimabwezera thupi ulemu wake, ndipo thupi likalemekezedwa limayamba kudzigwira. Ndidzalemba zimenezi ndikabwerera kusukulu. Mwina anyamata aja amene amatiseka pa mitsutso ya m'kalasi adzaphunzirapo kanthu. Chodandaulitsa n'chimodzi: Bambo ayamba makani. Tiyi akuti watentha. Akapola akuti wazizira. Madzi akuti akumveka chitsulo. Amayi akungondiyang'ana. Kugonja n'kovuta kwa munthu aliyense, ndiwapatse nthawi.

Lachinayi, 18 Disembala

Kuchipatala tsiku lonse. Bambo anadzuka osawazindikira achimwene. Milomo yosweka, lilime louma ngati chikopa. Namwino anatsina khungu la padzanja lawo, linachedwa kubwerera. Anafunsa kuti anamwa madzi liti komaliza. Ndinayamba kufotokoza za tiyi wotentha uja. Amayi anandidula: "Chichokereni alendo Loweruka, amangonyowetsa milomo." Awaika diripi, awagoneka. Amayi atsala nawo. Njira yonse yobwerera achimwene sanandinyoze ngakhale kamodzi. Bola akanandinyoza.

Loweruka, 20 Disembala

Atulutsidwa. Namwino wanenetsa: madzi ambiri tsiku lililonse, apo ayi impso ziwonongeka. Amayi anayesa, achimwene anayesa. Bambo mano atalumana. Ndinalowa ine ndi kapu, mfundo zitakonzeka kale m'mutu: impso, magazi, udindo wa wodwala pa moyo wake. Sindinanene ndi imodzi yomwe. Anayang'ana kapu, kenako ine. Pakamwa pawo popotoka paja panatuluka funso: "Mawa uyanika kuti, mwana wanga?"

Ndinati m'bafa. Anandiyang'anabe. Ndinati m'bafa, ndipo wochapa ndine, achimwene ayi. Anamwa theka.

Chingwe ndamasula, a Wailesi akuonerera kudzera pa mpanda. Mashiti oyanikidwa m'bafa sauma bwino, amachita nkhungu. Zimenezi ndi zoona lero monga zinalili sabata yatha, ndipo palibe amene wanditsutsa. Theka linalo lili m'kapu. Ndamva bedi lawo likulira, adzuka, ndipite