Katemera amene sindinabaye

Achimwene,

Ndimakumbukirabe tsiku lija munandiperekeza pa Bvumbwe ndikupita ku yunivesite, mmene munauzira kondakitala kuti, "Muyende bwino, mwanyamula dokotala wa ziweto." Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, amayi akuthyolabe tiyi ku esiteti ngakhale msana ukuwavuta.

Nkhumba yanu ija inaswa ana asanu ndi anayi, koma atsala awiri. Enawo anafa ndi matenda otsekula m'mimba sabata yoyamba, ndipo wolakwa ndine.

Ili ndi bere, ndinakatenga katemera amene amabaya make kuti ana adzayamwe chitetezo mu mkaka woyamba. Ndinafika naye pakhola ali mufulasiki, ndipo ndinapeza amalume akuipatsa madeya. Ataona jakisoni anaseka: "Iwe Chikondi, ya bere sabaya, itaya. Kapena nkhumba za ku yunivesiteko n'zapapepala?" Ndinkadziwa kuti akulakwitsa. Komabe ndinayamba kudzikayikira, poti iwo anayamba kuweta nkhumba ine ndisanabadwe. Ndinangoti, "Chabwino amalume," n'kutseka fulasiki ija.

Tsiku lokwirira tianato, amalume anati yatipha ndi mphepo ya kuno ku Khwethemule. Apanso ndinangowavomereza. Amayi sakudziwa, inu ndinu oyamba kumva.

Chonde muwaimbire amalume, muwauze kuti ikadzatenganso bere andilole ndiibaye. Inu amakumverani. Mulungu akusungeni.

A Namagowa, amene akubwera kumeneko, aima pakhomo ndi chikwama chawo. Ndapinda mapepalawa, ndikuwapatsa ndisanasinthe maganizo.

Ine mng'ono wanu,
Chikondi