Chitseko cha Apongozi

Lolemba, 7 Okutobala

Mayeso a satifiketi ya netiweki ya makompyuta pa 19. Ba Norbert, eni kampani yokoka mawaya a intaneti m'nyumba zatsopano za kuno ku Silverest, anenanso lero: "Ba Tisauke, letani pepala mwezi uno, nchito ni yanu. Mukachedwa, kuli mwana wa mlamu wanga." Mlamu aliyense m'dziko muno ali ndi mwana wodikira ntchito yanga.

Ndalama yolembetsera inali mbuzi zanga ziwiri. Yachitatu ndilibe.

Kugawa maadiresi a makompyuta kwayamba kulowa m'mutu. N'chimodzimodzi kudula mapuloti, kungoti m'buku salola kugulitsa puloti imodzi kwa anthu atatu.

Lachitatu, 9 Okutobala

Ndawerenga malamulo. Ndidzalembera pakhomo pano pa laputopu, munthu wina wa kutsidya kwa nyanja akundiyang'ana pa kamera. Chipinda chopanda kanthu. Chitseko chotseka. Osayankhula. Wina akalowa, kapena ndikayankha munthu, mayeso athera pomwepo. Mbuzi zapita.

Zipinda zopanda kanthu ndiye tadala nazo. Nyumbayi tikungosungira amalume a ba Langford, amuna anga. Anamanga mpaka malata, ndalama n'kutha. Kachipinda kakunja, koti kadzakhale sitolo, ndiko kamagwira bwino intaneti. Koma pakhomo pake ndi chitenje.

Olemba malamulowa akuganiza kuti munthu aliyense ali ndi chitseko chapadera. Akuganizanso kuti munthu angamve odi n'kukhala duu. Anakulira kwa yani anthu amenewa?

Loweruka, 12 Okutobala

Ba Langford abwera ndi chitseko pamwamba pa minibasi. Chabuluu, chonunkha utsi. Cha khitchini ya amayi awo ku Kanakantapa. Ndafunsa ngati anapempha. Akuti, "Nizawauza mailo." Mailo ndiye mawa, koma mailo wa ba Langford sindinamuonepo akufika.

Mtima wanga uli m'mwamba. Apongozi anga, ba Justina, amanditcha kale ba Kompyuta. Pa chikondwerero cha ku tchalitchi chaka chatha ananena za ine anthu akumva: "Apongozi anga akamba na makina, ise anthu anatiiwala." Lero ndawaberanso chitseko.

Koma chakwana bwinobwino. Chikutseka.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Malaiti anapita dzulo, mpaka pano sanatikumbuke. Ndakatchaja kwa ba Hellen, oyandikana nafe, ali ndi sola. Salipiritsa. Umangomvera nkhani zonse za kwaya yawo, amene anaba yunifomu, amene amayimba ngati mbuzi yomangidwa. Bola akanalipiritsa.

Tayamba kuyeserera. Ine m'kati, chitseko chotseka, ba Langford panja. Iwo odi, ine odini. Pakamwa pangodziyankhira pokha, mutu usanafunsidwe. Tabwereza. Chimodzimodzi. Iwo kuseka mpaka kugwira khoma, ine kufuna kulira.

Mafunso a rauta, kabokosi kogawa intaneti, ndikukhoza. Mitundu ya mawaya ndingaitchule ndili m'tulo. Chimene chindigwetse ndi ulemu umene mayi anandilowetsa ndi mthiko.

Lachinayi, 17 Okutobala

Mayeso oyeserera ndakhoza. A odi, pang'ono. Lero ndinangotsegula pakamwa n'kumeza mawu.

Ba Langford adzakhala mlonda pageti. Alumbira atagwira Baibulo. Loweruka lomwelo kuli mpira pa shopu ya jenereta. Onse awiri tikudziwa, palibe wautchula.

Ndikuopa. Ndikalephera ndibwereranso pamsewu ndi beseni la tomato, dzina la ba Kompyuta lili pamutu pomwepo. Ndatopa nalo fumbi la pamsewu. Ntchito imeneyi ndikuifuna, Mulungu akudziwa.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndilembe ndisanaiwale.

Woyang'anira anati ndizungulitse kamera. Makoma, pansi, denga, chitseko. Chitseko cha apongozi chinakhoza mayeso ine ndisanayambe.

Mafunso oyamba, bwino. Batire, bwino. Ndili m'kati mogawa adiresi ina yovuta, panja: "Odi!"

Mawuwo ndimawadziwa ngakhale pakati pa msika wa Chongwe. Ba Justina. Mlonda wanga, ndamva pambuyo pake, anali atangopita kukaonako zigoli.

Pakamwa panatseguka. Ndinaluma lilime mpaka kulawa magazi. Pa sikirini uthenga: tamva mawu a munthu, mukayankha tithetsa mayeso. Panja kachiwiri, mokweza: "Odi kuno!" Mbali iyi ukwati wanga, mbali iyo mbuzi zanga. Misozi ili chuchuchu, maso ali pa kamera ngati ndikujambulitsa chithunzi cha chiphaso. Ndinakhala chete. Ine Tisauke, kwa apongozi anga, kumbuyo kwa chitseko chawo chomwe.

Kenako zii. Ndinati basi, apita, mawa Kanakantapa yonse idzakhala itamva. Ndinapukuta m'maso ndi phewa n'kubwerera ku adiresi ija, popeza zinali zitawonongeka kale.

Patapita nthawi ndinamva ba Hellen akulowa pageti ndi nyimbo yawo ya kwaya. Inadukira pakati pa aleluya. Ziinso mpaka funso lomaliza.

Ndakhoza! Osati mokometsera, koma ndakhoza.

Nditatsegula, ba Justina ali khale pansi pambali pa khomo, miyendo tambalale, mpini wa khasu pamiyendo. Ba Hellen chapatali pa mulu wa njerwa, chala pakamwa. Chibadwire sindinawaonepo ali chete.

Sanandiyang'ane n'komwe apongozi. Anati, "Nabwela kutenga chitseko changa. Nkhuku zagona mu mapoto sabata yonse." Anati anasuzumira pawindo, n'kundiona ndikulira pamaso pa makina, ndiye anaimbira foni mwana wawo. "Chitsilu changa chija ndiye chaniuza vonse. Nati lekani nichilonde neka chitseko, ni changa kale na kale."

Ndinayamba kufotokoza za satifiketi, za ntchito, za woyang'anira wa kutsidya kwa nyanja. Anakweza dzanja.

"Ivo va makina mukauze abwana anu. Ine nachita odi kale-kale. Nikali kuyembekeza."

Ndinagwada pafumbi pomwepo, lilime likuwawa, misozi yabwereranso. Ndinati odini, amayi.

"Ehe," anatero. "Manje letani hamala, ba Kompyuta, tichose chitseko."