Chinjoka cha Mayi Likongwe Chinakwechedwa ndi Sitiliwulu

Inu amene mwakhala mukuifotokoza nkhani ya chinjokayi pakhomo la tchalitchi ngati munalipo, werengani mpaka pansi musanatsegulenso pakamwa. Ndalemba monga zinayankhulidwira. Kuzungulira mawu ine sindinakuphunzire, ndipo sindikufuna kukuphunzira.

KALABU YA TIZIBOLIBOLI YA AMALAWI A KU WEST MIDLANDS
Zolembedwa za msonkhano wa komiti

Tsiku: Loweruka, 14 Juni 2008
Malo: Kunyumba kwa wapampando, ku Dudley

Opezekapo: Bambo Dyson Thawale, wapampando, Bambo Ackson Kalitsiro, msungichuma, Mayi Esnath Likongwe, membala, Mayi Rabecca Chikuse, mlembi.
Woitanidwa: Mayi Rhoda Mazinga, amene si membala wa kalabu.
Opepesa: A Wongani Msowoya, ali pa mayeso ku yunivesite.
Osapezeka popanda mawu: Bambo Vincent Chibowa, wachiwiri kwa wapampando.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano nthawi itangopitirira 2 koloko masana, ndipo Bambo Kalitsiro anapemphera. Mayi Likongwe anakhala kufupi ndi zenera. Mayi Mazinga anakhala pa mpando wa pakhomo, pafupi ndi nsapato, ngakhale pa sofa panali malo. Awiriwa anabwera m'dziko muno pa ndege imodzi ndipo amagwira ntchito ya unesi mu wadi imodzi ku chipatala, koma moni sanapatsane.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinawerengedwa ndi kuvomerezedwa. Bambo Kalitsiro anati zinatalika. Mlembi anawayankha kuti zimatalika chifukwa iwo amayankhula kwambiri.

3. Zatsopano m'makabati

Bambo Kalitsiro anaonetsa hatchi ya nyanga imodzi pamphumi imene anaipeza pa msika wa m'mabuti a galimoto Lamulungu m'mawa. Ili ndi bokosi lake, nambala yake pansi pa phazi ikuwerengeka, ndipo penti wake wopakidwa pamanja sanasupuke paliponse. Onse anaiyamikira. Wogulitsayo, akuti, ankaiona ngati chidole cha ana.

Wapampando anati mkango wawo wa mutu wa chiwombankhanga, umene anauitanitsa mu katalogi Isitala isanafike, wafika. Anawonjezera kuti mayi a kunyumba avomera kuchotsa mbale za alendo pa shelefu ya pamwamba. Mayi Thawale, amene amabweretsa tiyi, anati sanavomere, angotopa. Zonse ziwiri zalembedwa.

4. Nkhani ya chinjoka cha Mayi Likongwe

Wapampando anakumbutsa komiti kuti pa 24 Meyi kunali phwando la ubatizo wa Zoe, mwana wa Mayi Likongwe. Monga timachitira kwathu, amayi analawirira kukathandiza kukonza m'nyumba. Mayi Mazinga anachokera ku shifiti ya usiku, osagona, ndipo anapatsidwa chipinda chochezera. M'kabati anapezamo chinjoka cha mapiko chobiriwira, chimodzi mwa mazana asanu okha amene anapangidwa. Wopenta anachipaka dala mwaye wakuda kukamwa ndi kumimba, ndi fumbi lofiirira m'kati mwa mamba, kuti chizioneka chakale. Mayi Mazinga anachitengera ku sinki.

Mayi Likongwe anamasula chitenje n'kuika chinjokacho patebulo. Mapiko ndi mchira zikadali zobiriwira. Mutu ndi mimba zayera mbee ngati mano oikirira.

Atapatsidwa mpata, Mayi Likongwe anati chinjokacho ndi chinthu choyamba chimene anadzigulira okha m'dziko muno, atatha chaka chathunthu akungotumiza kumudzi. Anati tsiku la phwandolo analira ku bafa, n'kupukuta maso, n'kukagawa mpunga, ndipo ikanakhala nkhani ya penti yokha bwenzi itatha kale. Chimene chawadula miyendo ndi chakuti Lamulungu lotsatira Bambo Chibowa anaima kutsogolo kwa mpingo n'kuchitira umboni kuti Mayi Mazinga anaona mzimu woipa m'kabati ya mlongo wina, ndipo anautsuka mwa chikhulupiriro. Dzina sanatchule, koma mpingo wonse unali ku phwandoko. Kuyambira pamenepo mabanja awiri aletsa ana awo kukasewera ndi Zoe, ndipo mapemphero a Lachitatu amene amayenera kuchitikira kwawo anawasamutsira kwina osawauza chifukwa.

Kenako anatembenukira kwa Mayi Mazinga n'kunena kuti: "Rhoda, ine ndi iwe tinagonapo pa matiresi amodzi ku Small Heath. Ukanandiuza pamaso kuti ukundiyesa wa zithumwa. Koma kungokhala duu anthu akukuombera m'manja?"

Mayi Mazinga anaimirira. Wapampando anati akhoza kuyankhula atakhala pansi, koma sanakhale. Anati: "Asisi, akuombera m'manja ndani? Ine Lamulungu zitatu zonsezi ndinali pa long'i deyi, tsiku lonse ku wadi, funsani rota ya mashifiti. Za umbonizo ndikuzimva panopa. Ine mzimu ndikauone kuti? Ndinaona litsiro basi. Ndinati alendo abwera kuchokera ku Coventry, adzati Esnath ndi nesi wotani wosunga chinthu chakuda chonchi m'kabati ya alendo? Ndinayamba ndi kansalu, sizinatheke. Sopo, sizinatheke. Ndiye ndinatenga sitiliwulu. Ndinakwecha mpaka zala kuwawa, uku ndikudabwa kuti koma mwaye wa ku England ndi wouma bwanji."

Bambo Kalitsiro anayesa kudzigwira, tiyi n'kuwatulukira m'mphuno. Koma ziyenera kulembedwa kuti woyamba kuseka mokweza anali Mayi Likongwe eni ake.

Mayi Mazinga anapitiriza kuti ataona nkhope ya Mayi Likongwe tsiku lija anachita manyazi, n'chifukwa chake akhala akusinthana mashifiti ndi anthu kuti asakumane nawo. Anati ayimbira mashopu a ku Merry Hill ndi a mu tauni kufunafuna china, koma konse akuwauza kuti zinatha kalekale. Anagwada n'kupepesa. Mayi Likongwe anati: "Dzuka iwe, ukudetsa yunifolomu. Ungaikwechenso ndi sitiliwulu." Anawakokera pa sofa.

Pa za Bambo Chibowa, mlembi ananena mawu amene wapampando anapempha kuti asalembedwe. Sanalembedwe, koma sanabwezedwenso. Wapampando anati mwina Bambo Chibowa anangotengeka ndi chisangalalo cha mapemphero. Mlembi anafunsa kuti munthu amene ali ndi zinjoka zinayi m'nyumba mwake, china cha mitu iwiri, amatengeka bwanji mpaka kutcha cha mnzake chiwanda. 

Bambo Kalitsiro anapereka ganizo loti a Msowoya, amene amapenta tiasilikali ting'onoting'ono, achipentenso chinjokacho akamaliza mayeso. Wapampando anatsutsa, nati chikakhudzidwa ndi burashi ya munthu wina ndiye kuti sichilinso cha m'gulu la mazana asanu aja. Bambo Kalitsiro anati nanga sitiliwulu anali wa ku fakitale? Anakangana kwa kanthawi. Mayi Likongwe anawadula, nati chinjoka ndi chawo ndipo chikhala momwe chilili. Anati zinazo zonse n'zofanana, koma chosambitsidwa ndi nesi wa ku Malawi chilipo chimodzi chokha.

Zomwe anagwirizana: chinjoka sichipentedwa. Wapampando akaonana ndi abusa kuti mapemphero a Lachitatu abwerere kwa Mayi Likongwe. Membala aliyense wochititsa phwando azikiya kabati amayi othandiza asanafike.

5. Chionetsero pa chikondwerero cha ufulu wa dziko lathu

Wapampando anati okonza chikondwerero cha pa 5 Julaye atipatsa tebulo limodzi pafupi ndi khomo la holo. Membala aliyense abweretse tiziboliboli tosaposa tinayi. Chinjoka cha Mayi Likongwe chikhala pakati. Ana aziona ndi maso okha. Mayi Mazinga anadzipereka kuthandiza, ndipo komiti yonse inavomereza kuti akathandize ku chakudya.

6. Zina ndi zina

Mayi Mazinga anafunsa kuti nanga zinthuzi zimapukutidwa ndi chiyani. Bambo Kalitsiro anawaonetsa burashi yofewa yopakira paudala kumaso. Iwo anaigwira, n'kuitembenuza, nati imeneyo siingachotse kanthu. Anauzidwa kuti cholinga chake n'chomwecho.

Msungichuma anati alibe chatsopano choti anene.

7. Msonkhano wotsatira ndi kutseka

Komiti idzakumananso Loweruka pa 28 Juni kunyumba kwa Mayi Likongwe. Mayi Mazinga anatseka ndi pemphero nthawi itakwana 4 koloko, ndipo iwo ndi Mayi Likongwe anapitira limodzi kukakwera basi.

Dyson Thawale, Wapampando
Rabecca Chikuse, Mlembi

Mawu a mlembi kwa Bambo Vincent Chibowa. Wapampando awaona, ndipo sanawafufute. Achimwene, awiri aja agwirizana, koma Zoe akusewerabe yekha. Umboni munauperekera kutsogolo, pa maikolofoni, mpingo wonse ukumva. Musatitumizire meseji ya pa foni, musapite mseri kwa abusa. Lamulungu likubwerali muime pamalo omwewo, mugwire maikolofoni yomweyo, muuze anthu kuti m'kabati ya Mayi Likongwe munalibe mzimu, munali penti, ndipo ana abwerere kukasewera ndi mwana uja.