Asilikali a m'bokosi la kwa Sesiliya

Amayi, kodi mukukhala bwanji kumeneko? Ife kuno tilipo. Madzinja apita awiri chikuikireni, koma ndikamaotcha mbiya ndimachewukabe kuti mwina mundikalipira kuti makungwa achepa. Rozina, mwana wanga uja mudamusiya ali ndi pakati, adachira bwino, mwana wamkazi, ndipo tidamutcha dzina lanu. Akuyenda tsopano, ndipo ndi inu ndithu, salira koma kulamula. Thonje chaka chino labereka. Mpunga wa kudambo tagawana ndi mbalame, izo mbali yaikulu. Mbuzi yanu yamawanga ija fisi adaitenga masanasana, anthu tili kutchalitchi ku Mua.

Koma si mbuzi yandikhazika pansi ayi. Ndabwera kudzakunenezerani mwana wanu wapamtima, Sesiliya. Mukudziwa kale kuti zabwino zimagwera pakhonde pa mng'ono wangayo. Mkanda wanu wofiira udapita kwa iye. Akutinso mumamufikira kutulo, pomwe ine amene ndidakutembenuzani pamphasa miyezi itatu simudabwereko ngakhale kudzanditukwana. Tsopano mwana wake Lukasi wabwerako kunkhondo ya ku Malaya. Adatsika sitima pa Golomoti ali wathunthu, Mulungu atamandike, atasenza bokosi limene mzungu wake adamusiyira pobwerera kwawo. M'bokosimo muli nkhondo, Amayi. Nkhondo yosewera, monga bawo. Amuna a mudzi uno akabwera kumunda sakukhalanso pansi pa mtondo, onse ali kwa Sesiliya, iye nkumayendayenda pakati pawo ndi mtedza wokazinga ngati wakwatiwa dzulo.

Ndidalimba mtima masiku anayi. Lachisanu ndidapita ngati ndikukabwereka lichero, ndili ndi malichero atatu kunyumba. Ndinkafuna ndikachione chinthucho, ndichipeze chilema, ndibwereko.

Bokosilo ndi la katoni, pachivindikiro adajambulapo akavalo akuthamanga mu utsi. Ukalitsegula limanunkha ngati nsalu yatsopano ya m'sitolo ya mmwenye. M'kati muli chikatoni china cholimba chopinda pawiri. Akachitambasula pamphasa chimasanduka dziko, mapiri ake obiriwira, misewu yake, ndi mtsinje wabuluu wodutsa pakati. Pali timafupa tiwiri tamakona tamadonthomadontho, amatikhutchumula m'manja nkutiponya ngati akuombeza ula. Pali kabuku kachizungu komwe Lukasi amawerenga mogwira chala. Ndiye asilikaliwo. Aliyense ndi wotalika ngati chala changa chaching'ono, ena malaya ofiira, ena abuluu, aliyense kachipinda kake m'bokosimo, kugona bwino kuposa ife. Pali timizinga tinayi, ndipo mawilo ake amazunguliradi. Ndidakankha kamodzi ndi chala, kadayenda mpaka kumwendo kwa Sesiliya. Sindikunamizani, Amayi, mtima udandipweteka ndi kukongola kwake.

Inu munkati, “Filomena, mbiya uziigogoda, usamangoiyang'ana.” Ndidagogoda. Chikatonicho ndidati, “Ichi chiswe cha kuno chidya sabata imodzi.” Sesiliya adati, “Timapachika kudenga, achemwali.” Ndidatenga msilikali mmodzi ndikumuluma phazi. Ndi mtovu, mano adalowa pang'ono. Ndidamukanda ndi chikhadabo, penti osachoka. Koma woumba ndi woumba, ndidaona msoko. Aliyense ali ndi kamzere kochokera pamutu, kutsika paphewa mpaka kuphazi, pamene chikombole chidakumana, ndipo palibe adavutika kukakulungiza. Inu mbiya yotero mukadaiphwanya isanaume. Ndiponso onsewo nkhope ndi imodzi. Ofiira ndi abuluu omwe, akuphana okhaokha, mphuno imodzi, onse azungu. Ndidanena zonsezi mokweza. Sesiliya adangoseka, “Achemwali, ngati mwaakonda tengani mpando.”

Ndikadadziwa, ndikadachoka pomwepo. Koma pakati pa amunawo padali mkamwini wanu, bambo a Rozina, atagwada pamphasa ndi mawondo awo owawa aja. Sesiliya ankawanena zachilamu zake zija, “Alamu, sunthirani kuno kwa mkazi wamng'ono, wamkuluyo wangotsala mano olumira asilikali.” Zimenezo sizidandilase, adayamba ali kamtsikana. Chidandilasa ndi china.

Mukukumbukira mmene bamboyu adabwerera kunkhondo ya ku Bama. Adapita munthu wanthabwala, adabwera ngati mtsuko womata pakamwa. Inu mudati, “Usamufunse, mpatse madzi osamba, adzanena yekha.” Ndakhala ndikuwapatsa madzi osamba zaka zonsezi. Mkazi wa Yohane, mnzawo wa ku Mtakataka amene adapitira limodzi koma osabwerako, amati akandipeza pamsika nkundikokera pambali, “Kodi sadakuuzeni mmene adafera?” Ine nkumangoyang'ana pansi, mkazi wa m'nyumba wosadziwa kanthu.

Ndiye tsiku limenelo ndidaona chala cha bamboyu chikutsata mtsinje wabuluu uja. Adati, “Wotere tidawoloka mvula ikugwa, madzi m'khosi, misundu thupi lonse. Yohane adakokoloka apa.” Apa, Amayi. Pa katoni. Pamaso pa Sesiliya ali ndi mbale yamtedza m'manja. Mawu amene ndawadikira mpaka imvi adatulukira pakhonde la mwini, chifukwa cha tizidole ta mtovu tosakulungiza. Lichero ndidaliiwala. Pofika kunyumba ndidapeza msilikali woluma phazi uja ali m'mfundo ya nsalu yanga. Sindinena kuti adalowamo yekha.

M'mawa mwake ndidapita kumtapo kwanu kuja kukakumba dothi. Ndidati ngati pakamwa pa mwamuna wanga pamatseguka ndi zidole, zidole ndiumba ine, pakhomo panga. Ndidamuimika wa mtovuyo pamwala kuti ndizionera, ndikuumba khumi, akuda bii, aliyense nkhope yake, opanda msoko. Ndidawaveka zisoti zofiira za katondo, zonga chija bamboyu adavala tsiku lopita. Mfuti ndidawanyamulitsa paphewa monga wa m'bokosiyo.

Masana bamboyu atabwera kumunda adatsamiritsa khasu, nkusamba m'manja kuti azipita kwa Sesiliya. Adawaona ali ndandanda pakhonde, dothi likadali lofewa. Adaima. Ine ndidali kukulungiza mphika, osadzutsa mutu.

“Uyu akumufuna uko,” adatero, akuloza wa mtovuyo. “Lukasi wawerenga katatu.”

“Adzapita akachira phazi.”

Adanyamula mmodzi wa anga, kumutembenuza uku ndi uku. Ndinkadikira kuti ayamikire. Adati, “Mayi a Rozina, mwalakwitsa. Chisoti chofiira ncha pa pelete, poguba basi. Ungalowe nacho m'nkhalango? Akuombera usanakhale pansi. Tinkavala chipewa chakhonde. Nanga chikwanje chili kuti? Msilikali wopanda chikwanje ayenda bwanji m'nsungwi?”

“Ndikadadziwira kuti? Mudandiuza?”

Adakhala pansi, Amayi. Adatsina dothi mu phale langa osapempha, nkuyamba kuphwatalala zipewa ndi zala zawo zokhakhala zija. Kenaka adati mfutinso sizili bwino, powoloka madzi umainyamula pamwamba pa mutu, ndipo adawakweza manja mmodzimmodzi. Wa mtovu sungamukweze manja, athyoka. Adatenga chikho, kutunga mumtsuko, nkuthira madzi pabwalo mpaka adayenda ngati kamtsinje. Adatola wina wamtali, namuwonjezera makutu. “Uyu ndi Yohane. Makutu ake ankatuluka m'chipewa.” Wamfupi adamuika pambali pake. Ameneyo sadamutchule dzina, koma ndidamudziwa.

Dzuwa lidapendeka tili pomwepo, mphika wanga udauma wosamaliza. Sesiliya adatuma mawu kawiri kuti alamu akuwadikira, abuluu alibe mwini. Bamboyu adati auzeni mawa.

Sesiliya adamva zoti Yohane adakokoloka, basi. Zoti Yohane sankatha kusambira, mwana wa kunyanja wamanyazi kuulula, ndipo adagwira lamba wa mkamwini wanu, ndipo madzi atawamiza onse awiri mkamwini wanu adamasula lambayo ndi dzanja lake, wamva ndine ndekha. Tsopano ndi inu. Musakamuuze Sesiliya kutuloko, ndikudziwa mumacheza. Koma mukakumana naye Yohane kumeneko, wamtali, wamakutu, mumuuze kuti mnzake sadavalenso lamba chibwerere, amamanga kabudula ndi luzi. Ine ndinkayesa ndi umbombo, ndakhala ndikuwanyoza nazo pamaso pa ana.

Asilikali anga ndawaotcha dzana pamodzi ndi mitsuko. Awiri adang'aluka, makungwa adachepadi. Yohane adatuluka bwino, ndamugogoda, akulira ngati belu. Bamboyu akuti Loweruka tipite naye Yohane wadothiyo ku Mtakataka, akalankhule okha ndi mkazi uja, ine ndikangokhala pambali. Kwa Sesiliya amapitabe, sindinama, ndipo timizinga tija timandibwererabe m'maso. Dothi silizungulira mawilo, ndayesa.

Ndikulonjeza kuti tikabwerako ndidzakulambulirani pamanda, ndipo wa mtovuyo ndikabweza ndi manja anga. Ndayamba ndamukulungiza msoko ndi mwala wanu wokulungizira mbiya uja, kuti akagone m'bokosimo mmodzi yekha womalizidwa bwino, Sesiliya azimuona.

Ndine mwana wanu woyamba, wokukondani ngakhale simubwera,
Filomena