Amalume Andimva Ndikunyengerera Kompyuta

Lachinayi, Julayi 1998. Kwazizira tsiku lonse, ndipo mtima wanga uli m'malere.

Dzanja likadali m'chikhakha chigwereni panjinga ku Chimbiya, ndiye abwana anandiikira pulogalamu m'kompyuta yoti ndizingolankhula, iyo izilemba. Imamva Chingerezi chokha, komanso sifuna phokoso. Tambala akangolira panja, yalemba zamisala. Choncho lero ndinakhoma chitseko cha ofesi, mahedifoni kukhutu, n'kumaiuza lipoti la mbatata ya kachewere mofatsa, liwu limodzilimodzi, ndikuipembedza ngati khanda.

Osadziwa kuti amalume a mkazi wanga, ochokera ku Kasina, ali pakhomo. Aodira mpaka kutopa, ine osamva. Apita kunyumba kwathu kukauza mdzukulu wawoyo, mayi a Tadala, kuti, "Amuna ako adzitsekera ndi mkazi, akumunyengerera m'Chingerezi."

Nditafika kunyumba, ndalongosola mpaka kukhosi kuuma. Ndafika powayerekezera mayi a Tadala mmene ndimalankhulira nacho chinthucho. Amvetsera mpaka ndamaliza, kenako akuti, "Ndavomera kuti ndi makina, bambo a Tadala. Koma ine chikwatiraneni simunandilankhulepo mofatsa chotero."

Lipotilo silinathe, ndipo bulangeti langa ndalipeza pabalaza.