Ola la pa Benchi

Lolemba

Mlamu, 12:41
nde abwana akuti bwanji? akuwonjezerani?

Zipi, 12:58
andikhazika pa benchi ola lathunthu. kenako akuti "ngati zachepa pitani, geti ndi lotsegula"

Zipi, 12:59
zaka 9 ndikusoka mazipi alamu, malipiro omwe aja

Mlamu, 13:02
fakitale ya kutsidya kwa msewu simunayeseko?

Zipi, 13:05
[mawu 0:21] Ndinapita Lachisanu. Atangoona mapulasitala m'zalamu anadziwa komwe ndimasoka. Ndisanatuluke n'komwe anali atawayimbira kale abwana athu. Anapangana anthuwa, salandana antchito.

Zipi, 13:07
pano andichotsa pa makina, ndikungodula ulusi. month end mwina ndilibe ntchito

Mlamu, 13:10
mu shedi yakale ya simenti mwalowa osoka zikwama. achilendo, sadziwana ndi mabwana anuwo. interview mawa

Mlamu, 15:32
alamu?

Lachiwiri

Zipi, 06:10
sorry, ndimaopa. abwana akamvanso ana adya chani

Zipi, 06:11
koma ndavala kale. mapulasitala ndichotse?

Mlamu, 06:12
asiyeni, ndiye certificate yanu imeneyo

Zipi, 11:47
[mawu 0:38] Alamu, pondiyesa andipatsa makina ovuta, omangodula ulusi. Ine kungomva kulira kwake ndadziwa kuti singano yapindika. Ndasintha, zipi ndasoka. Mayi mwini malowo akuti tchulani malipiro amene mukufuna. Chiyambire ntchito palibe anandifunsapo zimenezo.

Mlamu, 11:49
nde mwatchula zingati??

Zipi, 11:50
omwe aja a kwathu kkkk

Mlamu, 11:50
inu mundipha ndi BP

Zipi, 11:52
mayiwo aseka, akuti ganizaninso bwino. ndawonjezera theka. avomera! akufunanso ena 6

Zipi, 12:40
ndauza anzanga. lunch yino line yathu yonse ya osoka ili kuno pa mzere

Zipi, 13:18
abwana akuyimba. kachitatu tsopano

Zipi, 13:21
atumiza msg: "mayi, bwerani tikambirane, ndinu a pabanja pathu"

Mlamu, 13:22
lero ndinu mayi kkkk. muwayankha?

Zipi, 13:25
ndiwayankha. 6 okha ndi amene alowe kuno, otsalawo awawonjezere basi, geti aliona kt ndi lotseguladi

Mlamu, 13:26
nde yankhanitu

Zipi, 13:27
adikire kaye. ola silinakwane