Mwendo wa Fanuwelo

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno ku Nazombe tadzuka, amayi chifuwa chija chatsikako, koma mng'ono wanu Fanuwelo ali chigonere.

Pa fainolo ija anali pagolo monga mwa masiku onse. Podumphira mpira anathyoka mwendo, chigoli n'kulowa. Anthu omwe aja ankamunyamula pamapewa ndi amene anayamba kumukuwiza. Wina anafuula kuti, "Mukokereni kunja, akutithera nthawi! Wagulitsa gemu ameneyu!" Anamukokadi ngati thumba la nandolo, iye akulira, mpira n'kupitirira.

Amene anamutola ndi a Namalata a kutchalitchi kwathu, omwe iye ankawaseka kuti amapemphera ngati amisala. Anamanga mwendowo ndi chitenje chawo, n'kuitana wa kabaza kuti apite naye kuchipatala. Mpaka lero amabwera kudzamuchapira ndi kupemphera naye. Ochemerera aja palibe ndi mmodzi yemwe waponda pakhomo.

Inunso achimwene, akamawina munkaonetsa anzanu zithunzi zake. Masabata atatu tsopano muli zii. Nsapato za mpira munalonjeza zija zisiyeni, adokotala ati sadzaseweranso. Mungomuimbira foni basi.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esinati